Mdalitso wa ku Khola la Mvuu

Rio, 5 Malichi 1978

Make Valdete,

Ndayamba ndi moni kwa inu ndi onse a pakhomo, osaiwala a Zulmira amene akukuwerengerani kalatayi. Kaya msana wanu uja ukukulolani kugona? Ine kuno Mulungu akusunga, kupatula bondo lomwe lija, koma bondo silinaphepo munthu.

Kangachepe ndatumiza ndi a Genésio a lole. Mugule mbewu ya khobwe, zotsalazo mukonzetse denga la khola la mbuzi. Musathamangire kubzala ndi kamvula koyamba. Dikirani tsiku la Yosefe Woyera, mvula ikagwa pamenepo bzalani munda wonse mpaka kumwala kuja. Kuno zinthu zakwera moti nyemba tikudya ngati mankhwala.

Ntchito ikuyenda bwino kuno kosungira nyama. Ndikadali ku khola la mvuu, ndipo Leopoldina, mvuu yathu ija, wanenepa mpaka khosi kusowa. Mumzinda wonse uno ndi yekhayo amene akandiona m'mawa amatsegula pakamwa kundipatsa moni.

Tsopano nkhani imene mwadzaza nayo tsamba lonse. Mwati Valdete ndi mwamuna wake uja akupita ku Jeremani mu Julayi kukawonjezera maphunziro awo a magetsi a nyukiliya, ndipo akakhalako zaka. Ndamva. Ndamvera kwa inu amene muli kutali ku Piancó, pamene mwini wake ali mumzinda momwe muno. Mwati ndipite kunyumba kwake ndikamudalitse asanawoloke nyanja, poti mwana woyenda wopanda mdalitso wa bambo ake njira imamukana. Zimenezo ndikuzidziwa, ndipo zimandisowetsa tulo ngati inu nomwe. Koma chitsime sichilondola waludzu.

A Zulmira, inu ndinu amayi ake a ubatizo, mwina munamva mbali imodzi. Mwanayu ndinamutenga kumudziko ali wamng'ono kuti aphunzire kuno. Ndinamulera m'kachipinda kanga, ndikuchapa ndowe za nyama kuti iye agwire pensulo. M'mawa uliwonse ankagwira dzanja langa n'kulipsompsona, amvekere, "Mdalitso, bambo," ine n'kumuyankha, "Mulungu akudalitse." Ngakhale atayamba sukulu ya uinjiniya sanasiye. Ndiye chaka chatha chija n'kukakwatiwa ku ofesi ya boma, opanda wansembe, opanda munthu wobwera kwa ine kudzapempha. Anabwera zonse zitatha, n'kundipsompsona m'masaya ngati mnzake wa kusukulu, dzanja langa osaligwira. Mnyamatayo, Otávio, anangotambasula mkono, ati, "Muli bwanji, a Anacleto?" Ngati tinadyetsera limodzi mbuzi. Ine ndinatsegula paipi n'kupitiriza kutsuka khola. Chionaniraneni ndi chomwecho.

Mwana ndiye amapempha. Akabwera n'kupempha, dzanja langa silinafote.

Ndine mwamuna wanu,
Anacleto

Rio, 2 Epulo 1978

Make Valdete,

Moni nonse. Ndakondwa kumva kuti mvula yagwa pa tsiku lake lenileni ndipo damu ladzaza. Nditawerenga ndinapita kukayatsa kandulo. Mbuzi yamawanga ija ikabereka musagulitse ana ake, ngakhale a Genésio akunyengerereni chotani. Munthu uja pakamwa pake ndi pa uchi.

Zimene Valdete wakulemberani, zoti anabwera kuno Loweruka la Pasaka ine n'kubisala, si zoona. Sindinabisale. Ndinali m'nyumba ya udzu, ndipo munthu akayamba kusanja udzu sasiyira pakati. Belarmino, mnzanga wa ku khola la anyani, ndiye anadzasuzumira pakhomo.

"Madala, mwana wanu ali panjapa."

"Ndikusanja udzu."

"Udzu wake uti? Mwakhalira belo limodzi, mukuyang'ana khoma."

"Kamuuze kuti ndikusanja udzu."

"Ndikamuuze kuti mulibemo, kapena kuti mwasanduka udzu?"

Iye ndi munthu wopanda ulemu, anyani anamuwononga. Koma taganizani nokha. Munthu wobwera kudzapempha mdalitso amadikira, ngakhale dzuwa lilowe. Ine ndinkamuona pa kampata ka matabwa. Anaima pang'ono pa mpanda, n'kumuitana Leopoldina ndi kamluzi kake kaubwana kaja, kenako anayang'ana wotchi n'kumapita. Waonda, ndipo tsitsi anadula. Mumulembere kuti azidya.

Anasiya phukusi la mankhwala opaka bondo ndi juzi. Juziyo ndaipachika pa msomali. Mankhwalawo ndikupaka chifukwa akhoza kuwonongeka, si chifukwa china.

Akapitawo anandiitana sabata yatha kudzandifunsa zaka zanga. Zinazo si zolemba m'kalata. Musade nkhawa, mkono wanga ukadali kunyamula belo.

Rapadura amene munatumiza, shuga wathu wa nzimbe woumba uja, wafika. Shuga wa kuno ndi woyera koma samveka nzimbe.

Anacleto

Rio, 30 Epulo 1978

Make Valdete,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli amoyo ndi amphamvu monga yandisiyira ine. A Zulmira, pepani ndi chimfine chimene ndamva kuti chinakugwirani. Mumwe mandimu ndi uchi, mawu anu ndi amene akugwirizira banja lino.

Thonje lipalireni msanga udzu usanalimeze. Ngati simungathe nokha, itanani ana a mchimwene wanu, muwaphikire, osawazolowetsa ndalama.

Imvani zodabwitsa. Akuluakulu atiuza kuti kumayambiriro a Juni mainjiniya a nyukiliya ali ndi msonkhano waukulu mumzinda muno, ndipo tsiku lotsiriza adzachita phwando lawo lamadzulo kuno kwathu, alendo ena onse atatuluka. Ati matebulo adzayalidwa pa kapinga wa kutsogolo kwa dziwe la mvuu. Mahotela onse ali mumzinda muno, anthu ophunzira n'kusankha kudzadyera pafupi ndi fungo la Leopoldina! Belarmino akuti anthu amenewa amakhala chaka chonse m'nyumba zopanda mazenera akulondera chinthu chimene sachiona ndi maso, ndiye amalakalaka kuona chinthu choopsa chokhala ndi mchira.

Ine andipatsa ntchito yodyetsa mvuu pamaso pawo. Ndidzaime pa mpanda ndi chivwende chathunthu, Leopoldina ayasamule, ndiponye, iye aphwanye, anthu aombe m'manja. Ndimachita zimenezi Lamulungu lililonse kwa ana, sizovuta.

Chovuta mukuchidziwa. Valdete ndi Otávio adzakhalapo, poti ndi anthu a ntchito imeneyo. Belarmino wayamba kale kunditcha apongozi a nyukiliya.

"Madala, tsiku limenelo mulibe udzu wothawirako."

"Ndani anathawa?"

"Mudzangoima ndi chivwende chanu, mwana adzabwere, agwire dzanja, nkhani ithe."

"Nanga akapanda kugwira?"

Inunso ndikufunseni chomwecho. Nanga akadzabwera ndi anzake a mataye, n'kunena kuti, awa ndi a Anacleto osamala mvuu, n'kundipsompsona m'masaya? Kamodzi ndinapirira chifukwa panali mvuu yokha yoonerera. Pamaso pa anthu mazana sindingathe. Ndipo zikatero ndiye kuti zatheratu, adzakwera ndege wopanda kanthu. Bola ndisaoneke, khomo likhalebe lotsekula.

Izi a Zulmira musakazinene pa khomo la tchalitchi.

Anacleto

Rio, 21 Meyi 1978

Make Valdete,

Moni. Ndili bwino, kachifuwa kokha chifukwa cha kuzizira kwa m'mawa. Juzi ija ndayamba kuvala, poti njenjete zikanaidya.

Zoti mukwera basi kubwera kuno kudzatigundanitsa mitu, zisiyeni. Ulendo umenewo ndi msana wanu sizingagwirizane, ndipo chimanga chili pafupi kucha, mbalame zimaliza. Mawu ena amene ali m'kalata yanu sindikhulupirira kuti ndi anu. A Zulmira, muzilemba zimene mwauzidwa. Mkazi wanga sananditchepo bulu chikwatiraneni.

Za phwando ndakonza. Belarmino wavomera kuponya chivwende m'malo mwanga, ine ndidzakhale kuseri kukonza udzu wa usiku. Akapitawo ndawauza kuti phewa likundivuta, ndipo anandiyang'ana nthawi yaitali. Malipiro a Belarmino ndi rapadura yense amene anatsala, ndiye a Genésio akamabwera muwapatsire wina.

Kuno apenta mipanda, apachika mababu m'mitengo, ife atipatsa mayunifolomu atsopano olimba ngati chikopa chouma. Ngakhale ine ndikuvomereza kuti malo akongola. Madzulo alendo akatuluka ndimakhala pa benchi ya pa dziwe kumwa khofi wanga, Leopoldina akupumira m'madzi, mbalame zikukangana za malo ogona. Munthu akhoza kukalamba pamalo oipa kuposa ano.

Anacleto

Rio, 4 Juni 1978

Make Valdete,

Moni nonse, ine ndili moyo. A Zulmira, khalani pansi bwinobwino ndipo mumwe madzi, kalatayi ndi yaitali. Mukafika poseketsa musaseke, ndidzamva.

Phwando linachitika Lachisanu. Anayamba kufika dzuwa likupendeka, amuna ambiri, akazi owerengeka, aliyense ndi kapepala ka dzina lake pachifuwa ngati ana otayika. Panali oimba, nyama yootcha, tinsomba tokazinga, ndi mowa m'matambula aatali. Ndinkaona zonse pa kabowo ka khoma la kuseri. Anthu ake si oipa ayi. Amaseka mokweza, amajambulana m'manja pofotokozerana zinthu, wina mpaka analemba masamu pa nsalu ya patebulo. Koma nyama sadziwa kuziona. Ena anapatsa msana Leopoldina n'kumakangana za paipi yotulutsa madzi m'dziwe, kuti n'chifukwa chiyani inapindikira kumanzere.

Valdete ndinamuona. Anavala diresi yobiriwira, ndipo madoda a imvi ankamumvetsera akamalankhula, akugwedeza mitu. Maso ake okha ankangobwerera ku mpanda kumene kunaima Belarmino ndi chivwende.

Tsopano ndikufotokozereni za kuseri. Kuli kachipinda kopapatiza kumene timayalako udzu. Mbali ina kuli zitsulo zotilekanitsa ndi chipinda chogona mvuu, mbali ina chitseko chachitsulo chotulukira panja, chokhala ndi kazenera ka zitsulo kumtunda ndi mpiringidzo wakunja. Mwambo wathu osamala nyama ndi wakuti ukalowa, umakoleka chipewa chako pa mpiringidzo, kuti aliyense wodutsa adziwe kuti muli munthu. Ine ndinakoleka changa chachikopa chija cha kwathu.

Nditamva kuomba m'manja ndinadziwa kuti chivwende chaphwanyika. Posakhalitsa ndinamva mapazi kuseri, kenako chitseko gwa, mpiringidzo khwe! Pamene ndinkafika pa kazenera, ndinangoona msana wa jekete ukukhota pangodya, chipewa changa chili m'manja.

Ndikanafuula. Koma kufuula kunali kuitana phwando lonse kuti lidzaone bambo a injiniya atatsekeredwa ngati mbuzi. Ndinati ndidikira Belarmino. Nthawi yomweyo Leopoldina, atatopa ndi phokoso, analowa m'chipinda mwake. Anandinunkhiza, n'kutembenuka, n'kulozetsa kumbuyo kwake ku zitsulo. Inu simunaonepo mvuu ikudzithandiza. Imapukusa mchira ngati munthu wofesa mapira, ndipo m'kachipinda muja mulibe kothawira. Yunifolomu yatsopano, nkhope, manja, zonse. Zaka zonsezi ndamudyetsa.

Zakunja wandiuza ndi Belarmino. Wotseka uja anali Otávio. Ankalondola paipi ija kuti aone kumene ikuthera, n'kupeza chitseko chili pululu, pamwamba pake pali chikwangwani chakuti chizikhala chotseka nthawi zonse. Kuntchito kwawo, ati, ukapeza chitseko chotere chotsekula sufunsa munthu, umatseka kaye, kenako n'kukanena kwa oyang'anira. Wodutsa osatseka amachotsedwa ntchito. Ndiye anatseka, chipewa n'kutenga poganiza kuti wina wachiiwala, n'kumayenda nacho pakati pa matebulo kufunafuna mlonda, akudziona ngati wapulumutsa mzinda. Valdete atangochiona anaika tambula pansi.

"Wachitenga kuti chimenecho?"

"Pa chitseko china kuseriko. Anthu ake ndi osasamala, ndachita kutseka ndekha."

"Mayo ine! Watsekera bambo anga!"

Anavula nsapato zake zazitali n'kuthamanga ndi masokosi okha pa miyala. Ine ndinangoona nkhope yake pa kazenera, akupuma ngati wathamangitsidwa ndi ng'ombe.

"Bambo! Muli bwino? Sanakupwetekeni?"

"Tsegula."

Dzanja lake ndinalimva likugwira mpiringidzo. Kenako linasiya. Anandiyang'ana, n'kuona kuti ndili wamphumphu, n'kuonanso zinazo.

"Ndikatsegula mulowa mu udzu."

"Iwe Valdete, ndati tsegula."

"Mdalitso, bambo."

Kumbuyo kwake kunali kutadzaza anthu, a mataye aja, madoda a imvi aja, oimba ndi operekera mowa omwe. Iye sanatembenuke n'komwe. Anapisa dzanja lake pa zitsulo, chikhatho chili m'mwamba.

"Manja anga ndi akuda," ndinatero.

"Ndinakulira pa ndowe zomwezo. Mdalitso, bambo."

"Mdalitso sapemphera pa zenera ngati tikiti ya basi. Tsegula kaye."

"Dalitsani kaye. Ine ndege yanga ndi ya mu Julayi, nthawi ndili nayo."

Belarmino ali kumbuyoko amvekere, "Madala, dalitsani, Leopoldina wadya chivwende chathunthu, akubweranso kachiwiri!"

Mtima umenewu mwanayu anatengera kwanu. Ndinatulutsa dzanja pa zitsulo mmene linalilimo. Analigwira ndi manja awiri n'kulipsompsona, osapukuta, anthu onse aja akuona. Ndinati, "Mulungu akudalitse, mwana wanga," koma mawu anatuluka opyapyala chifukwa cha chifuwa chija. Atatsegula anatembenukira anthuwo nati, "Awa ndi bambo anga. Ndi amene anandiphunzitsa kuti chitseko sachiseweretsa." Anthu anaseka n'kumuloza Otávio, amene anaima poteropo atafiira ngati tomato, chipewa changa atachigwira pachifuwa ngati ali pa maliro.

Ndinakasamba ku paipi, n'kuvala yunifolomu yakale. Anandikhazika patebulo lawo. Doda wina wamkulu anandifunsa za mwambo wa chipewa, n'kunena kuti kwawo amapachika kachikwangwani ka dzina, koma chipewa n'chabwino chifukwa palibe munthu amaiwala mutu wake. Tinsomba tinali tokoma. Otávio anapepesa mpaka ndinatopa, koma ine sindinamuyankhe zambiri. Nkhani ya iye ndi ina.

Chimanga chikacha, chachiwisi choyamba mupatse a Zulmira.

Anacleto

Rio, 18 Juni 1978

Make Valdete,

Moni. Kalata yanu ndalandira. Ndaona kuti pepala linanyowa pakona, kaya ndi misozi yanu kaya ndi ya a Zulmira poseka. Ndinapempha kuti zisakafike ku tchalitchi, koma a Genésio afika kuno akudziwa mpaka za mchira.

Mwati tsopano mtima wanu wagona. Wanga sunagone kwenikweni. Ndakhala ndikuganiza kuti mdalitso wopereka munthu ali m'ndende, mvuu ili kumbuyo, mwina sufika kumene uyenera kufika. Ulendo wake ndi wautali, nyanja ndi yaikulu, sitingaseweretse. Choncho Lamulungu likudzali ndikupita kunyumba kwawo kuti ndikaukonze bwinobwino. Musanene kuti chitsime chalondola waludzu. Anapempha kale, ine ndikungokamaliza ntchito.

Valdete wabwera kawiri. Wandikokera kuchipatala za chifuwa chija, ndipo adokotala alankhula zambiri, zina ndidzakuuzani pamaso. Akapitawonso anena zawo zija za kupuma pantchito. Zikuoneka kuti chaka chamawa khobwe tidzabzala limodzi. Musayambe kulengeza.

Pa moto wa chikondwerero cha Yohane Woyera mundiikire chikuni changa.

Anacleto

Rio, 9 Julayi 1978

Make Valdete,

Moni kwa inu, kwa a Zulmira ndi onse ondifunsa. Ndili bwino ndithu, mapiritsi ndikumwa. Ndamva kuti thonje layera bwino. Musagulitse kwa woyamba kufika.

Anyamuka Lachinayi. Koma ndiyambe ndi za kunyumba kwawo. Amakhala m'mwamba mwa nyumba yosanja, m'zipinda zodzaza mabuku, ndipo pakhoma pali chithunzi chanu chija cha pa ubatizo wake. Valdete anandilandira pakhomo monga mwana wolereka, anaphika nyama yoyanika padzuwa ndi chinangwa, mchere wokha unachepa. Titatha kudya anatuluka kupita kukhitchini, ndipo ndinaona kuti achita kupangana. Otávio anaimirira, n'kumanga batani la jekete, thukuta lili kamukamu.

"Bambo, kwathu mwambo umenewu sindinauphunzire, koma umbuli si chowiringula. Ndabwera mochedwa. Ndikupempha mwana wanu Valdete kuti akhale mkazi wanga."

"Amene ali kukhitchiniyu?"

"Eya, bambo."

"Amene wakhala naye chaka chathunthu?"

"Yemweyo, bambo."

"Ntchito umagwira?"

"Ndimagwira, bambo."

"Yotseka zitseko?"

Kukhitchini kunagwa chivindikiro. Mnyamatayo sanaseke, anangoima chilili kudikira. Ndikuuzeni zoona, make Valdete, si munthu woipa. Munthu amene amaona chitseko choopsa n'kutseka, pamene ena mazana akumwa mowa, akhoza kusunga mkazi. Koma izi sindinamuuze. Ndinati nkhani yaikulu chonchi sayankha tsiku lomwelo, ndiganizira.

Ku bwalo la ndege ndinapita ndi Belarmino, amene anavala tayi ya mwini wake. Valdete anagwira dzanja langa pakati pa chikhamu cha anthu, ndipo ndinamudalitsa kawiri, kwanga ndi kwanu. Otávio naye anawerama movutikira ngati munthu wosazolowera, amvekere, "Mdalitso, bambo," n'kugunda mphuno pa chala changa. Wa ulendo ndinamupatsa, wathunthu, wosachotsera. Atanyamula zikwama anabwereranso.

"Nanga yankho lija, bambo?"

"Ndikuganizabe."

"Mpaka liti?"

"Ukalifuna udzalipeza ku Piancó, pakhonde panga. Udzabwere ndi mwana wanga wamoyo ndi wonenepa, udzalimva."

Valdete anati, "Ndiye kuti inunso mudzakhale mulipo, bambo. Mapiritsi aja osadumphitsa."

Ndinamuuza kuti asandiphunzitse. Ine sindinafepo ndi nkhani ili pakamwa.

Ndine mwamuna wanu,
Anacleto